Kaseti Yothamanga ndi Gitala Yofiira

Tabweza pang'ono pamenepo, Lusungu, ndione dzanja la mzungu wa m'foniyo. Ayi, osati nkhope, nkhopeyo ndichita nayo chiyani? Dzanja lamanjalo. Eya, n'zomwezo. Akuti dzina lake n'chiyani? Ekonome piking'i? Chabwino. Ife tinalibe dzina lake, tinkangoti kugwetsa dzanja. Ana inu muli ndi mwayi woti ukhoza kukupusitsani. Mphunzitsi ali m'thumba, mukamuuza kuti bwereza amabwereza, osatopa, osakutukwanani. Ine zimenezi ndinaziphunzira pa thandala loyanikapo usipa, imvi zitayamba kale, kwa munthu amene gitala sankafuna n'kuikhudza komwe. Ndipo ndinaziphunzira kuti ndigonjetse bambo anu. Tseka pakamwa, Tiwonge, mulowa ntchentche. Ndati bambo anu, Wanangwa, mwana wanga woyamba.

Gitala yanga yoyamba inali chigoba cha galoni ya mafuta ndi thabwa lomwe ndinazula pa khola la nkhuku. Nsambo zake tinkamasula waya wa mabuleki a njinga, kamodzikamodzi, zala n'kumatuluka magazi. Piki, kanthu kokandira nsamboko, tinkadula pa chivundikiro cha ndowa ya pulasitiki n'kukanola pa mwala. Amayi anga ndowa zawo zonse zinali ndi zivundikiro zobenthuka, ndipo ankanamizira makoswe. Inu lero mumati piki ikasowa muitanitsa ina ku Mzuzu, yobiriwira kapena yachikasu malinga ndi malaya amene mwavala.

Nditakula ndinalowa bandi ya a Mhone. A Mhone anali ndi golosale pa Chintheche, ndipo pobwera ku migodi anabwera ndi zida: ng'oma, besi, gitala ya rizimu yosweka pakona, ampu imodzi, ndi gitala yofiira ya lidi. Iwowo sankatha kuimba ngakhale chitoliro. Ntchito yawo inali kukhala pa mpando wa ndalema, chipewa pabondo, n'kumagamula. Gitala yofiirayo inali imodzi yokha ya mtundu wake kuyambira ku Bandawe mpaka ku Nkhata Bay, ndipo woigwira ankadziwika. Pa ukwati ankayamba kupatsidwa mpando. Ana ankamulozerana pamsewu. Ine ndinaigwira zaka zochuluka moti utoto unasuluka pamene ndinkatsamiritsa mkono.

Nyimbo tinkazitenga m'makaseti. Inalipo imodzi ya rumba ya ku Zaire, anatisiyira dalaivala wa lole, yomwe anthu ankaifuna pa ukwati uliwonse. Chakumapeto kwake oimba amakhala chete, gitala ya lidi n'kutsala yokha, kuthamanga kutsika nsambo zonse n'kubwereranso, kanayi. Pamenepo m'pamene azimayi ankavula nsapato. Woimba lidi ankayezedwa pamenepo, kwinako kunalibe ntchito.

Tsono mverani uchitsiru wake. Wailesi ya kaseti ya a Mhone inafa kamota, ndipo wokonza mawailesi wa pamsika anaikamo kamota ka wailesi ina. Kuyambira tsiku limenelo inkathamangitsa tepi, ife osadziwa. Oimba ankamveka timawu topyapyala, ife n'kumati anthu a ku Zaire ndi mmene analengedwera. Tinkakunga nsambo kuti zifanane ndi kasetiyo mpaka kuduka, n'kumati nsambo za masiku ano n'zabodza. Ndinadzadziwa zonse zitatha kale, m'minibasi yopita ku Nkhata Bay. Dalaivala anaika nyimbo yomweyo, ikuyenda mwaulemu ngati mkulu wa mpingo popita kukalandira mgonero. Ndinati, "Adalaivala, batire lanu lafooka." Anandiyang'ana pagalasi, akuti, "Madala, batire litafooka galimoto ikanayenda?" Anthu anaseka. Ndiye muzidziwa kuti liwiro lomwe tinkalimbiranalo panalibe munthu padziko amene analiimbapo ndi zala zake.

Kaimbidwe kathu kanali kamodzi: tsika, kwera, tsika, kwera, osaphonya. Dzanja likatsika liyenera kukwera, likakwera liyenera kutsika. Ndi mmene anandiphunzitsira, ndi mmenenso ndinamuphunzitsira Wanangwa. Pa nsambo imodzi zimayenda bwino. Vuto limabwera posamuka. Wamenya katatu, tsika, kwera, tsika, ndipo nsambo yotsatira ili m'munsi pomwepo, koma lamulo likuti tsopano ukwere. Ndiye umailumpha nsamboyo, n'kuibwerera kuchokera pansi. Kulumpha kumeneko n'kochepa, koma ukachulukitsa ndi liwiro la kaseti ya a Mhone, dzanja limayaka moto. Ndili mnyamata ndinkapirira. Nditapitirira zaka makumi anayi mfundo ya dzanjali inayamba kutupa, ndipo ndinayamba kuba. Pa mawu khumi ndi awiri ndinkamenya asanu ndi atatu, n'kumagwedeza mutu kwambiri kuti anthu aone ngati ndikugwira ntchito.

Ovina sankadziwa. A Mhone anadziwa. Munthu wosatha kuimba amakhala ndi makutu oipa, sindidziwa chifukwa chake.

Nthawi imeneyo Wanangwa anali atakwatira kale, iwe Lusungu uli m'mimba, ndipo ankaimba rizimu m'bandi yomweyo. Zala zake zinali zazitali, zopepuka, zotengera kwa amayi ake. Tikapumula ankatenga yofiira ija n'kumayeserera malo othamangawo, ndipo ankatsala pang'ono kufika. Ine ndinkamva ndili kuseri, n'kumanamizira kumwa madzi.

Tsiku lina masana titatha kuyeserera kuseri kwa golosale, a Mhone anatiimitsa tonse. Akuti, "Ada Chirwa, malo ena ogona alendo cha ku Makuzi akufuna bandi Loweruka lililonse. Azungu amamvetsera, savina ngati anthu athu. Kuba kwanu kuja adzakumva."

Ndinati, "Ndani akuba?"

"Inu. Musandiyese mwana. Ndakupatsani miyezi iwiri. Ikatha, inu ndi mwana wanuyu mudzaimba motsatana ndi kaseti. Amene adzafike nayo pamodzi, osadumpha kanthu, gitala ndi yake. Winayo rizimu."

Wanangwa anayang'ana pansi. Sanakane, ndipo ine ndinaona kuti sanakane. Tinabwerera kunyumba msewu umodzi, iye tsidya ili, ine tsidya ilo. Ndikuuzani mosabisa, ndinachita mantha. Kupita ku rizimu ndili moyo, mwana wanga ataima kutsogolo, anthu a pa Chintheche akuona, ndinkaona kuti bola kufa.

Ntchito yanga ya masana inali kusoka maukonde a anthu kugombe. Ndinayamba kupita ndi gitala yanga ya bokosi, kuti ndikasoka pang'ono ndiziyeserera pansi pa mtengo, kutali ndi makutu a Wanangwa. Pafupi pamenepo panali matandala a Che Bwanali, Mchawa wa ku Mangochi amene ankagula usipa kwa asodzi athu, kuyanika, n'kumatumiza ku Lilongwe. Munthu wa mkanjo woyera ndi kachipewa, wosalankhulalankhula. Tinkangopatsana moni basi. Mmawa wachitatu ndikulimbana ndi malo aja, ndinamva kumbuyo kwanga, "Achimwene, mukufuna kutsika pa Bandawe, bwanji mukupitirira mpaka ku Kande n'kubwerera wapansi?"

Ndinati, "Che Bwanali, yang'anani usipa wanu, akhwangwala akutha."

Sanakwiye. Akuti ali mnyamata anaimba lidi zaka zisanu ndi ziwiri m'mabandi a ku Tanzania, ndipo atabwerera ku mzikiti analumbira kuti gitala sadzaigwiranso. Ndinawapatsa kuti andionetse, iwo manja kumbuyo ngati ndawapatsa njoka. "Ndinalumbira za kugwira. Za kulankhula sindinalumbire. Bwerani kuno."

Thandala lija linali la bango, mabango ondondozana ngati nsambo. Anasuntha usipa, natola kamodzi kouma n'kukagwira kumutu ngati piki. Pa bango loyamba anamenya katatu: tsika, kwera, tsika. Kenako dzanja silinadzuke. Linangopitirira kutsika n'kugwera pa bango lachiwiri. "Mwaona? Dzanja likupita kale kumene mukufuna. Lisiyeni ligwe. Tsika, kwera, tsika, tsika. Pobwerera chimodzimodzi: kwera, tsika, kwera, kwera. Kulumpha kulibe."

Ndinati, "Basi?"

"Basi. Kumva ndi lero, kutha ndi mwezi wa mawa, ngati muli ndi mutu."

Ndinakwiya, ana inu. Zaka zonsezo ndikuthyola dzanja, yankho lili pa kausipa kouma. Ndipo anali atanena zoona, chifukwa nditayesa pa gitala zinali zonyansa. Mawu awiri ogwetsawo ankamatirirana, phwa, ngati munthu wapunthwa pa khomo. Ena anayi akuyenda bwino, awiriwo akuthamangira kutsogolo. Mzungu wa m'foniyu wanena zimenezo? Wanena? Ndiye ndi mphunzitsi weniweni, musamutaye.

Che Bwanali ankandiyang'anira uku akutembenuza usipa. Sankayang'ana gitala, ankayang'ana mfundo ya dzanja. "Mwaigwira piki ngati wakuba nkhuku, ifewetseni. Ipendekeni pang'ono kumene mukupita. Ikagwa, itsamire pa nsambo yotsatira, isalendewere m'malere. Chala chakumanzere chidzuke msanga, mawu akale asalowerere atsopano." Ndikathamanga pang'ono ankati, "Mukuthawa ndani? Pang'onopang'ono, mpaka muchite manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ikakwana nthawi ya swala ankandisiya pakati pa chiganizo. Ndinawafunsa kuti ndiwalipire chiyani, akuti ndiwasokere matumba a usipa obooka. Ndinasoka.

Kuti mawu alingane pamafunika chinthu chogunda mosasintha. Inu muli nacho m'foni, chija chimati tiki tiki. Ine ndinali ndi agogo anu aakazi, NyaManda, ndi mtondo wawo. Chinangwa chikavuulidwa m'madzi n'kuuma, ankasinja ufa wa kondowole kuseri kwa nyumba, ndipo musi wawo sunkaphonya. Ndinkakhala pa chitsa n'kumaika mawu atatu pa kugunda kulikonse. Poyamba ankaseka. Kenako anazindikira kuti ndimatulutsa gitala pokhapokha Wanangwa akapita kumunda, ndipo akangomveka pa mpanda ndimabwerera ku tsika-kwera wakale.

Tsiku lina anaimika musi. "Bambo a Wanangwa, chimene mukubisacho n'chiyani?"

Ndinati palibe.

"Palibe? Mwanayo usiku sagona tulo, dzanja akuliviika m'madzi otentha ngati inu. Mumuonetse. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

Ndinati, "Iye ali ndi unyamata, ine ndili ndi ichi. Talingana."

"Mukupikisana ndi mwana wobereka nokha, simukuchita manyazi?"

Ndinati, "Sinja, mayi, dzuwa likupita." Anasinja, koma tsiku limenelo ankasinthasintha dala, pena msanga pena mochedwa, mpaka ndinanyamuka. Agogo anuwo musawaone kufatsa pa tchalitchi.

Pa sabata yachisanu dzanja linagwa lokha. Sindinganene kuti ndinachita chiyani. Ndinangoona kuti ndatsika nsambo zonse n'kubwerera, mfundo osawawa, mawu onse khumi ndi awiri alipo. Che Bwanali anangoti, "Eya," n'kupitiriza kuthira usipa m'thumba. Sabata yotsatira usipa unachepa kuno ndipo anasamukira ku Nkhotakota. Sindinawaonenso.

Tsiku la mayeso linali Lachitatu, dzuwa lili pamutu, kuseri kwa golosale. Anthu anamva, anabwera, ena anakwera pa milu ya njerwa. A Mhone anaika wailesi pa tebulo, nalumikiza ku batire la galimoto, n'kubweza tepi ndi bolopeni. Anati ayambe wamng'ono.

Wanangwa anaimba bwino. Ndikunena ngati woimba, osati ngati bambo wake. Mawu ake anali oyera, ndipo ankadziwa kuikometsa nyimbo, pamene ine ndinkangodziwa kuithamangitsa. Pa liwiro lenileni la nyimboyo akanandisiya kutali, koma panalibe wotiuza. Ulendo woyamba anafika pamodzi ndi kaseti. Wachiwiri anafika. Wachitatu ndinaona phewa lake likukwera, ndipo ndinadziwa, chifukwa langa linkatero. Posamuka pa nsambo yachitatu piki inakodwa, anatsalira, anayesa kuthamangira, kaseti inamusiya. Anamaliza yekha tepi itadutsa kale. Anthu anawomba m'manja mwa chisoni.

Wanangwa anandipatsa gitala ndi manja awiri. Khosi lake linali lonyowa ndi thukuta lake, ndinapukuta ndi malaya. Ndinatembenuka pang'ono, ngati ndikufuna kumva bwino sipika, koma cholinga chinali chakuti dzanja langa lamanja asalione. Ndinadutsa kanayi konse, osadumpha kanthu. Phewa silinagwedezeke. Azimayi ogulitsa tomato analulutira, ndipo a Mhone anamenya chipewa pabondo, akuti, "Galu wamkota sakandira pachabe! Ada Chirwa, gitala ndi yanu." Ndinakondwa. Musamve zoti ndinamva chisoni pomwepo, ayi. Ndinakondwa kwambiri, mpaka ndinagulira woimba ng'oma fanta.

Pobwerera Wanangwa anawoloka msewu n'kudzayenda pambali panga. Tinayenda mpaka pa mlatho. Kenako akuti, "Ada, mwaimba bwino. Yewo."

Ndinati yewo.

"Koma pali chimene mwasintha. Sizinamveke ngati kale. Mwachita bwanji posamuka paja?"

Piki inali m'thumba la malaya. Chitsulo cha mlatho chinali pomwepo, chokhala ndi mipiringidzo yondondozana bwinobwino. Kumuonetsa kukanatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa madzi a tiyi. Mpikisano unali utatha, gitala inali yanga kale. Koma ndinaganiza za chaka chamawa, kuti akadziwa ichi, kuphatikiza zala zakezo, a Mhone adzaitanitsanso mayeso ena.

Ndinati, "Palibe chachilendo. Uzimvetsera kaseti bwinobwino."

Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Chabwino, Ada."

Anaimba rizimu kumbuyo kwanga Loweruka lililonse kwa miyezi inayi, osadandaula, osachedwa. Sanakhudzenso yofiira ija ngakhale pa nthawi yopuma. Iwe Lusungu utabadwa, anati bandi siingalere mwana, ndipo anakwera basi ya ku Joni ndi anzake awiri a ku Bandawe. Anthu a kuno kupita ku Joni si nkhani, agogo anga anapita, a Mhone anapita, ndiye palibe anadabwa. Agogo anu aakazi okha ndi amene anakhala mwezi wathunthu akundipatsa chakudya osandiyang'ana. Wanangwa gitala yake ya bokosi anaisiya pa msomali. Anabwerako kawiri, ulendo wina n'kutisiyira iwe Tiwonge, koma pa msomalipo sanayang'anepo.

Ine yofiira ija ndinaigwira zaka zina zitatu. Kenako a Mhone anamwalira, ana awo anagulitsa zida kwa mpingo wina wa ku Mzuzu, ndipo maukwati anayamba kuitana anyamata a masipika akuluakulu ndi kompyuta. Malo a alendo aja anasintha mwini. Zinatha choncho, popanda mwambo.

Chaka chatha, pa Khirisimasi, mutatha kulankhula ndi bambo anu inu n'kuthamangira kunyanja, ndinatsala ndi foni. Ndinamuuza zonse, za Che Bwanali, za kausipa, za kutembenuka kuja, za pa mlatho. Ndinamuuzanso za minibasi, kuti kaseti ija inkanama. Anaseka pang'ono pa za kasetizo. Pa zinazo sanaseke. Akuti, "Ndinkadziwa kuti pali chimene mukubisa, Ada. Ndinaona mmene munaimira."

Ndinati, "Ukabwera ndidzakuonetsa. N'zosavuta, sabata zisanu basi."

Ndinkamva magalimoto a kumeneko akudutsa. Kenako akuti, "Ada, zala zanga zinauma ndi simenti. Ngakhale batani la malaya limandivuta. Onetsani anawo."

Mayunitsi anali asanathe, koma ndinangomuuza kuti apereke moni kwa anzake.